Kodi Mwana Wathu Adzadya Mitambo?

 Talemba nkhaniyi ndife anthu awiri, bambo ndi mayi a banja limodzi, amene takhala kunja kuno zaka zoposa 15. Akuluakulu a bungwe lathu anatipempha kuti tilembepo kanthu pa tsamba la maphunziro, mwina chifukwa anatopa nafe, poti kwa miyezi yambiri takhala tikubwereza nkhani imodzi yomweyomweyo pamisonkhano. Nkhani yake ndi ya mwana wathu wachisamba, mtsikana, amene tsiku lina anatiuza kuti akufuna kukaphunzira za mitambo.

Kunena zoona, ife tinali titamusankhira kale njira. Monga makolo ambiri a kwathu, tinkadziwa ntchito zinayi zokha zoyenera mwana wanzeru: udokotala, uloya, uinjiniya ndi kuwerengera ndalama. Musatiweruze msanga. Mmodzi wa ife amagwira ntchito m'nyumba zosungira katundu ku Jebel Ali, winayo ndi namwino wa mashifiti a usiku. Fizi ya mwana kuno mukuidziwa nokha mmene imapwetekera. Mukudziwanso kuti chiphaso chathu chokhalira m'dziko muno chatsamira pa ntchito, ndipo tsiku limene ntchito idzathe ndi tsiku lomanga katundu. Choncho tinkafuna kuti mwanayu akhale ndi pepala loti angadyere kulikonse kumene angagwere. Poti masamu ndi fizikisi amakhoza bwino, tinali titayamba kale kumutchula kuti injiniya.

Madzulo ena mu Meyi 2024 tikudya nsima, mwana uja anasamba m'manja asanakhute nati, "Adadi, amami, ine ndaganiza. Ndikufuna ndikaphunzire sayansi ya zanyengo." Bambo a m'nyumba muno anaseka mpaka kutsamwa. "Zanyengo? Iwe, ukadya mitambo?" Mayi nawo anathirira ndemanga: "Si aja amanena pa wailesi kuti kugwa mvula apo ndi apo, mawa lake dzuwa n'kuswa mtengo?" Tonse tinakulira kumudzi kumene munthu wa zanyengo anali wongosekedwa. Mwanayo sanatiyankhe. Anachotsa mbale, nakalowa kuchipinda. Ife tinati ndi zachibwana, zitha zokha. Koma tikanakhala makolo atcheru tikanadziwa kuti maganizo amenewa sanayambe tsiku limenelo. Anayamba chaka chimodzi m'mbuyomo, pa nthawi ya namondwe wa Freddy.

Palibe Mmalawi wa kuno amene angaiwale Malichi 2023. Tinakhala masiku atatu foni ili m'manja, tulo osabwera, manambala a kumudzi osagwira. Agogo ake a mwanayu, amene anabereka mayi a m'nyumba muno, amakhala m'munsi mwa phiri la Mulanje, mbali ya ku Phalombe. Tinkangoona zithunzi za ku Chilobwe, kumene matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ndi anthu omwe. Patapita masiku tinamva kuti agogo ali moyo, athawira pasukulu, koma nyumba yapita ndipo munda wasanduka bwalo la miyala. Ku Nkhulambe, m'boma lomwelo la Phalombe, kunagwa mvula ya mamilimita 1,078 m'masiku anayi okha. Mzinda wa Dubai umalandira mamilimita pafupifupi 100 pa chaka, ndiye kuti mvula ya zaka 10 ya kuno inakhuthukira pamalo amodzi sabata isanathe. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Akuluakulu a kumeneko anangoti Napolo wadutsanso, monga anachitira mu 1991.

Pa nthawi imeneyo mwana wathu anatifunsa kuti, "Kodi panalibe amene anadziwa kuti zikubwera?" Ife tinamuyankha mwachikulu kuti zoterezi amadziwa ndi Mulungu yekha. Iye sanakhutire. Anakafufuza yekha, napeza kuti namondweyo anabadwira kutali, kufupi ndi Australia, ndipo akatswiri ankamutsatira ndi makina a m'mlengalenga pamene ankaoloka nyanja yonse ya Indian Ocean. Pambuyo pake bungwe la zanyengo la dziko lonse, World Meteorological Organization, linatsimikiza kuti Freddy anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo. Anapezanso kuti nthambi yathu yoona zanyengo ku Blantyre inachenjeza anthu mvula isanayambe. "Anadziwa, adadi," anatero. "Koma kuuza munthu kuti kukubwera mvula yambiri n'kosiyana ndi kumuuza kuti lero usagone m'munsi mwa phiri ili." Tinamva mawuwo, koma tinali otanganidwa ndi kusonkha ndalama za malata ndi ufa, ndipo sitinawasunge.

Kenako mvula inatilondola kuno kuchipululu. Lachiwiri pa 16 Epulo 2024 kunja kunada masana ngati usiku. Machenjezo anali atafika kale pa mafoni athu, ana anauzidwa kuti aphunzirire kunyumba, komabe palibe amene ankayembekeza zimene tinaona. Msewu wa Sheikh Zayed unasanduka mtsinje, anthu anasiya magalimoto awo n'kumayenda m'madzi ofika m'chiuno, ndipo pabwalo la ndege maulendo mazanamazana analephereka. Ku Khatm Al Shakla, m'dera la Al Ain, anayeza mamilimita 254 tsiku limodzi lisanathe. Boma linati chiyambire kulemba za mvula mu 1949 sikunagwepo yotere. Ku Oman, dziko loyandikana nalo, anthu anafa, ena mwa iwo ana a sukulu. Usiku umenewo bambo anagona kuntchito pamakatoni, mayi anagwira mashifiti awiri motsatizana chifukwa wowalandira analephera kufika, ndipo kagalimoto kathu kanamira pamene tinakaimika. Titabwerera kunyumba tinapeza mwana uja atadula botolo la madzi, atalimata rula, ataliika pakhonde, akulemba manambala m'kope.

Mukukumbukira zimene tonse tinkanena sabata imeneyo. Tinkati eni dziko anyanya kuthira mchere m'mitambo, tsopano zawatembenukira. Walira mvula walira matope. Ife tinali m'gulu la ofalitsa nkhani imeneyi, mpaka tinaitumiza kumudzi. Amene anatichititsa manyazi ndi mwana wathu yemwe. Anationetsa kuti likulu la zanyengo la dziko lino, National Center of Meteorology, limene ambiri amangoti NCM, linanena kuti silinatumize ndege kukathira mchere m'namondwe ameneyu. Anationetsanso kuti makompyuta olosera nyengo anali ataiona mvulayo kukadali masiku angapo, ndipo inakuta dera lalikulu kuchokera ku Oman mpaka ku Iran, loti kandege kakang'ono sikangalikwanitse. Gulu la asayansi lotchedwa World Weather Attribution linapeza kuti mvula zamphamvu za m'dera lino, m'zaka za El Niño, zakula ndi 10 mpaka 40 peresenti poyerekeza ndi kale dziko lisanayambe kutentha. Mpweya wotentha umasenza chinyezi chambiri, ndipo ukachitula umachitula chonse. Tinangoti kukamwa yasa.

Ndiye mwaona kuti pofika madzulo a nsima aja, mwanayu anali ataganiza kwa chaka chathunthu, ife n'kumuyankha ndi phwete. Patapita masabata awiri anabwera ndi kope lomwe lija. Sanabwere kudzakangana. Anati, "Mwandifunsa ngati ndidzadya mitambo. Ndalemba anthu amene anaphunzira zimenezi ndi kumene ali." Tinakhala pansi monyinyirika. Dzina loyamba linali la Dr Abdulla Al Mandous, mkulu wa NCM, amene mu Juni 2023 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa World Meteorological Organization. Mwana wa dziko losowa mvula, kutsogolera akatswiri a mvula a dziko lonse lapansi! Bambo anati ameneyo ndi mwini dziko, zake n'zina. Mwanayo anangotembenuza tsamba.

Tsamba lachiwiri linatidzidzimutsa, chifukwa linali la anansi athu a ku South Africa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, katswiri wina dzina lake Graeme Mather ankafufuza mitambo ndi ndege kufupi ndi Nelspruit, kumene lero amati Mbombela. Anapeza kuti mtambo umene unkamwa utsi wa fakitale ya mapepala unali ndi madontho akuluakulu modabwitsa. Apa ndi pamene panachokera nzeru yopanga timachubu toyaka totulutsa utsi wa mchere. Mchere umakoka chinyezi, monga umachitira wa m'khitchini nthawi ya dzinja. Ukalowa mumtambo, timadontho timakula, timagundana, timalemera, kenako timagwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, katswiri wina wochokera ku South Africa komweko, Roelof Bruintjes, amene ankagwira ntchito ku bungwe la kafukufuku la NCAR ku Boulder m'dziko la America, anali m'gulu limene linadzafufuza mitambo ya kuno pamodzi ndi yunivesite ya Witwatersrand ya ku Johannesburg. Ndege zimene zimanyamuka ku Al Ain zitanyamula timachubu timeneti m'mapiko, kulunjika mitambo ya pamwamba pa mapiri a Hajar, zikuyenda m'mapazi a anthu a kumwera kwa Africa. Mwanayo anatichenjeza kuti mchere sungapange mtambo pamene palibe, ndiponso kuti asayansi eni ake akadatsutsanabe za kuchuluka kwa mvula imene njirayi imaonjezera. "N'chifukwa chake ntchito ilipo," anatero. "Funso silinathe."

Ndipo dziko lino limalipira anthu ofufuza funso limenelo. Mu 2015 boma linakhazikitsa thumba la kafukufuku wa kuonjezera mvula, lopikisanirana asayansi a maiko onse. Mmodzi mwa atatu oyamba kupambana, mu 2016, anali mayi, Pulofesa Linda Zou, wa ku Masdar Institute imene pambuyo pake inalowa mu Khalifa University ku Abu Dhabi. Iyeyu sanayambire ku zanyengo, anachokera ku sayansi yoyeretsa madzi, ndipo anapanga mchere wokutidwa ndi kachikopa kopyapyala kouthandiza kukoka chinyezi mwamphamvu. Chaka chotsatira anapambana nawo Pulofesa Giles Harrison wa ku yunivesite ya Reading ku England, amene gulu lake linayesa kuwaza mphamvu ya magetsi m'mitambo ndi tindege topanda woyendetsa. Panalinso Dr Diana Francis, amene anaphunzira ku Paris, nadzatsogolera kafukufuku wa fumbi la m'chipululu ndi madzi oundana a ku Antarctica ku Khalifa University komweko. Mayi a m'nyumba muno ataona maina a amayi awiriwo anasiya kupukuta mbale, nadzakhala pafupi.

Bambo anati onsewo ndi mapulofesa, nanga munthu wamba wa digiri imodzi amalowera kuti? Yankho linali pa tsamba lina, ndipo linali la zinthu zimene timaziona tsiku ndi tsiku osaziganizira. Palibe ndege imene imanyamuka pa bwalo la Dubai, kapena pa Chileka ndi pa Kamuzu, woyendetsa asanalandire lipoti la nyengo. Chifunga cha m'miyezi yozizira chikatseka misewu ndi mabwalo a ndege, pali munthu amene anakhala maso usiku wonse kuchiyembekezera. Sitima za pa doko la Jebel Ali zimafuna kudziwa za mphepo ya shamal. Munda waukulu wa magetsi a dzuwa wa Mohammed bin Rashid Al Maktoum, kuchipululu kuja, umafuna wolosera fumbi ndi mitambo. Ngakhale dongosolo la ngalande za madzi a mvula lotchedwa Tasreef, limene boma la Dubai linalengeza mu Juni 2024 pa mtengo wa madirham 30 biliyoni, silingakumbidwe popanda wina wowerengera kuti mvula yoopsa ya m'tsogolo idzakhala yaikulu motani. Bambo, amene ntchito yawo imaima chifunga chikachedwetsa malole, anakhala chete.

Masamba otsiriza anali a kwathu, ndipo ndi amene anatikhudza koposa. Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna ntchito imeneyi ankayamba ndi masamu kapena fizikisi ku Chancellor College ku Zomba, kenako boma n'kumutumiza kunja, kawirikawiri ku Nairobi kapena ku Reading, kukaphunzira zanyengo zenizeni. Ife sitinkadziwa kuti zinthu zinasintha. Yunivesite ya Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa mu 2014 pa Ndata ku Thyolo, ili ndi sukulu yotchedwa Ndata School of Climate and Earth Sciences, ndipo kumeneko mwana amatha kutenga digiri ya zanyengo osaoloka malire. Mwana wathu analembanso dzina la Dr Lucy Mtilatila, amene ankatsogolera nthambi ya zanyengo pa nthawi ya Freddy, mawu ake tinkawamva pa wailesi masiku ovuta aja. Iwowa anachita kafukufuku ku yunivesite ya Potsdam ku Germany pa funso lokhudza nyumba iliyonse ya ku Malawi: kodi nyengo ikamasintha, madzi a m'nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire adzakwanirabe kupukusa magetsi athu? Si funso lopeka. Kuyambira cha m'ma 1915, kwa zaka pafupifupi 20, nyanja inatsika mpaka Shire analeka kutulukamo. Ndipo mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, mdima n'kukhala mlendo wa tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu.

Nkhani imene inamaliza kutigonjetsa inali ya chimanga. Dziko la Malawi linagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity. Inshuwalansi yotere siyendera minda; kompyuta imawerengera mvula imene yagwa ndi madzi amene mbewu ikufuna, ikapeza kuti zaperewera ndalama zimatuluka. Mu 2016 chilala chinavuta, anthu mamiliyoni anali pa njala, koma kompyuta inati zinthu sizinaipe kwenikweni. Atafufuza anapeza kuti inauzidwa za chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri anali atabzala chocha msanga, chimene ng'amba inachipeza pa nthawi yoipitsitsa. Atakonza, dziko linalandira madola 8.1 miliyoni, koma miyezi yambiri inali itapita. Mwana wathu anatseka kope nati, "Masamu anali olondola. Chinasowa ndi munthu wodziwa masamu amene amadziwanso zimene agogo amabzala."

Musaganize kuti tinavomera usiku womwewo. Mantha a kholo satha ndi kope limodzi. Bambo anafunsa mafunso amene mpaka lero sanayankhidwe bwino. Malo a ntchito m'nthambi ya boma ndi owerengeka, ndipo malipiro a m'boma tonse tikuwadziwa. Ambiri a ife ndi omwewo anatithamangitsira kuno. Nanga akamaliza n'kukhala pakhomo zaka zitatu? Nanga akachita bwino, si ndiye kuti adzatengedwa ndi maiko olemera omwewa, kumudzi n'kutsala chimodzimodzi? Apa tinazindikira kuti tikudzitsutsa tokha. Tinkaopa kuti akabwerera kumudzi adzasauka, tinkaopanso kuti akatsala kunja adzakhala ngati ife, anthu othandiza kwawo ndi ndalama za pafoni basi. Amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ife mwambi umenewu takhala tikudzitonthoza nawo zaka zonsezi. Koma dziwe limene ng'ona zonse zachokamo limatsala ndi yani?

Amene anadula mlandu ndi agogo aja. Chaka cha 2024 chinawapwetekanso mwa njira ina: mvula inadula mu Febuluwale, chimanga chimene anabzala pamunda wobwereka chinauma chisanabereke, ndipo mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Chaka china madzi, chaka chinzake dzuwa. Tsiku lina Lamulungu tikucheza nawo pa foni, mayi anawadandaulira za mdzukulu wawo. Agogo anamvetsera, kenako anati, "Iwe, uwauze bambo akewo amusiye mwanayo. Ife kale tinkadziwa. Chizimalupsa chikagwa tinkakonza mbewu. Mango akachita maluwa ambiri tinkati chaka chino tisamale nkhokwe. Chiperoni chinkabwera nthawi yake. Lero zonse zasokonekera, ine ndimabzala mongoponya mwala kumdima. Ngati kuli sukulu yophunzitsa kuwerenga kumwamba, apite, adzatiwerengere." Mayi anati, "Komatu amayi, bambo ake akuti adzadya mitambo?" Agogo anaseka kwa nthawi yoyamba chichokereni nyumba yawo. "Nanga ufa ndimakutumizirani uja umachokera kuti? Tonsefe timadya mitambo, mwana wanga. Kungoti ena sadziwa."

Pali chinthu china chimene tinaphunzira kwa eni dziko lino. Mtsogoleri wa dziko, Sheikh Mohamed bin Zayed, anapempha kuti pa 7 Disembala 2024 m'mizikiti yonse muchitike mapemphero opempha mvula. Anthu anapita, anapemphera. Koma ndege za ku Al Ain sanazigulitse, ndipo akatswiri a ku NCM sanawachotse ntchito. Ifenso kwathu tili ndi mbiri yaitali yopempha mvula, kuyambira ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje mpaka mapemphero a m'matchalitchi ndi m'mizikiti ng'amba ikavuta. Tsiku lija tinauza mwana kuti zoterezi amadziwa ndi Mulungu yekha, tinkayesa tikumuphunzitsa kudzichepetsa. Tikaganiza tsopano, tinkangobisa ulesi wathu wosafuna kufunsa. Kupempherera mvula ndi kuphunzira mvula sizilimbana.

Kwa inu ana athu a sukulu amene mukuwerenga, tikupatseni zochepa zimene tatola m'njira. Maphunziro amenewa si ongoyang'ana kumwamba. Ndi masamu ndi fizikisi kuyambira tsiku loyamba, ndipo amene amathawa masamu asadzinamize. Phunzirani kulemba mapulogalamu a kompyuta, chifukwa nyengo ya masiku ano imaloseredwa ndi makina, ndipo luso limenelo lidzakudyetsani ngakhale ntchito ya zanyengo itachedwa. Dziwani kuti wolosera nyengo amagwira usiku, Khirisimasi ndi Idi zomwe, ndipo akalakwa dziko lonse limamuseka pamene akalondola palibe womuthokoza. Ambiri amene afika patali anaonjezera digiri yachiwiri, ndiye konzekani ulendo wautali. Funsani msanga zimene yunivesite imafuna kwa ana amene analemba mayeso a kunja. Safunsa anadya phula. Chomaliza, musataye Chichewa. Chenjezo limene silinamveke kwa mayi wa ku Nkhulambe, kapena kwa msodzi wa ku Nkhotakota mwera usanayambe, ndi chenjezo limene silinaperekedwe. Kwa makolo anzathu tingoti, mwana akabwera ndi maphunziro a dzina lachilendo, musayambe ndi kuseka monga tinachitira ife. Muuzeni akubweretsereni kope.

Mwana wathu analemba makalata ofunsira malo. Pa mndandanda wake anaika Ndata poyamba, yunivesite ya Pretoria pachiwiri. Kumene adzagwire ntchito sitikudziwa, ndipo taleka kunamizira kuti ndife oti tingamusankhire. Mantha akadalipo, makamaka kumapeto kwa mwezi tikamawerengera ndalama. Koma ulendo wathu wapitawu wa kumudzi, m'sutikesi mmene timaikamo nsalu ndi mafuta odzola munalinso kachikho koyezera mvula kamene mwanayu anagula ndi ndalama zake. Anakakhomera pamtengo kuseri kwa nyumba yatsopano ya agogo, kutali ndi denga, naphunzitsa msuweni wake wa Sitandade 7 kuwerenga mizere yake m'mawa uliwonse. Mvula ikagwa ku Phalombe, nambala imafika pa foni kuno ku Dubai tisanamwe tiyi. Ndipo woyamba kufunsa kuti yagwa mamilimita angati ndi bambo omwe aja anaseka.

 Tionane pa msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo amene ali ndi ana ofuna kuona kope lija atiuze, tidzabwera nalo.